Ndalipeza yankho la manja a John McCain

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chimene malemu John McCain, phungu wa Senate wa ku Arizona uja, sankatha kukweza manja kupitirira mapewa. Ndinkayesa ndi ukalamba chabe, koma ayi ndithu.

Bambowa ankayendetsa ndege zankhondo za asilikali apamadzi a ku America. Pa 26 Okutobala 1967 ndege yawo inawomberedwa ku Hanoi, pa nkhondo ya ku Vietnam. Podumpha anathyoka manja onse awiri ndi mwendo, n'kugwera m'nyanja ya Truc Bach. Atagwidwa n'kuikidwa m'ndende, mafupawo sanalunzidwe bwino, kuwonjezera apo ankamenyedwa.

Chomwe chandikhudza ine n'cha 1968. Atawauza kuti azipita kwawo poti bambo awo anali mkulu wa asilikali, anakana kudumpha anzawo amene anagwidwa iwo asanagwidwe. Anadzatuluka mu Malichi 1973.