Za Pentax ija ya pa kaunjika ku Mchinji

Paja munafunsa ngati n'koyenera kugula kamera ya filimu ya Pentax K1000 yomwe mwaiona pa kaunjika pa msika wa Mchinji, pomwe singano yake yoyezera kuwala siyenda. Tinati muyambe mwasintha batire. Tsopano mwatiuza kuti mwaikamo LR44 yatsopano koma singano ili chiimire.

Musaisiye chifukwa cha zimenezo. K1000 imajambula ngakhale popanda batire, batireyo ndi ya singano basi. Ikanakhala kamera ya Canon AE-1, yomwe siijambula popanda batire ya 4LR44, bwenzi tikunena zina. Tsegulani kachivundikiro ka batire ka pansi pa kamera ndi kobiri, muone ngati muli zoyera kapena zobiriwira zochokera m'batire yakale. Pukutani ndi kathonje konyowetsa viniga pang'ono, kenaka muumitse.

Chofunika kwambiri ndi shata, chotchinga cha mkati chomwe chimatseguka kuti kuwala kufike pa filimu. Tsegulani kumbuyo, lozetsani kamera kowala, mujambule shata mutaiika pa sekondi 1, pa 1/60 ndi pa 1/1000 ya sekondi. Ikakakamira pa sekondi 1, ndiye kuti mafuta a mkati anauma, ndipo mtengo utsike ndithu. Lenzi muiunike ndi tochi ya foni. Tiulusi tonga ta kangaude ndi nguwi yobwera ndi chinyezi cha dzinja, ndipo ikadya galasi sichoka.

Siponji yakuda ya m'mphepete mwa chitseko cha kumbuyo kwa kamera ikamanata ngati phula, kuwala kumalowa n'kusiya mizere yofiira pa zithunzi. Ipaleni ndi kamtengo, muikemo ulusi wakuda wolukira juzi.

Singano ikakanabe, pa dzuwa lowala ndi filimu yolembedwa ISO 200 ikani shata pa 1/250 ndipo kabowo ka lenzi pa f/16.