Kodi "altercation" ndi ndewu kapena kungokangana pakamwa?

Abale anga ndithandizeni. Mng'ono wanga amagwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg, dzana wanditumizira chithunzi cha kalata yomwe amupatsa kuntchito, alembamo kuti panali "altercation" pakati pa iye ndi mnzake pageti usiku. Iyeyo akulumbira kuti sanakhudzane olo chala, anangokwezerana mawu pa nkhani ya shifiti basi, ndiye akuopa kuti mabwana aziona ngati anamenyana.

Ndafufuzako pang'ono, liwuli likuchokera ku Chilatini, altercari, kutanthauza kutsutsana ndi munthu wina, muzu wake ndi alter, yemwe ndi "winayo" pa anthu awiri. Aroma ankalitchulanso kukhoti pomwe mbali ziwiri zikuponyerana mafunso ndi mayankho mosinthana. Ndiye ineyo ndikuona kuti ndi mkangano wapakamwa, osati zibakera ayi.

Koma pa nyuzi ndimamvanso akuti "physical altercation", apa mpomwe mutu wanga waima. Inu odziwa Chizungu cha m'maofesi, akalemba liwuli palokha osaonjezera kanthu amakhala akutanthauza chani? Akukaonekera kwa mabwana Lachinayi, ndikufuna ndimuuze zoona asanapite.