Mawanga pakhungu la nsomba zanga za m'madzi amchere: kodi ndi nthenda imodzi kapena ziwiri?

Nachisale analemba:

Akuluakulu nonse amene mumaweta nsomba za m'nyanja yamchere, ndabwera kudzapempha nzeru pa vuto limene landisowetsa tulo. Ndili ndi thanki ya malita 400 imene yakhala ikuyenda bwino kwa chaka ndi miyezi inayi. Muli nsomba za mtundu wa clownfish ziwiri ndi ya mtundu wa yellow tang imodzi, makorali (tizamoyo ta m'nyanja tomera pamiyala) angapo, nkhono ndi tinkhanu. Mchere wa m'madzi ndimausunga pa 1.025 pa choyezera mchere, kutentha kwa madzi pa madigiri 25, ndipo nditayeza amoniya ndi nitrite, amene ndi poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba, sindinapeze kanthu.

Masabata atatu apitawo ndinagula nsomba ina yotchedwa royal gramma, ndipo poona kuti inkaoneka yathanzi ndiponso inkadya bwino, ndinaiika m'thankimo tsiku lomwelo. Patatha masiku khumi, tang ija inatuluka timadontho toyera tochepa pazipsepse ndi m'mbali, ndipo inayamba kudzikhula kumiyala. Patapita masiku ena anayi timadontho tonse tinazimiririka, ine n'kuganiza kuti yachira yokha. Dzulo m'mawa ndinapeza tabwereranso, ndipo ulendo uno ndi tambiri moti sindingathe kutiwerenga.

Chimene chandisokoneza kwambiri n'chakuti clownfish yaikazi nayo ili ndi mawanga, koma ake ndi akuda, ndipo ali pamimba ndi pansi pa chibwano. Ikudya bwino ndipo sikudzikhula. Kodi imeneyi ndi nthenda imodzi imene ikuoneka mosiyana pa nsomba ziwirizi, kapena ndili ndi mavuto awiri? Mnzanga wina wandipatsa botolo la mankhwala a kopa kuti ndithire, koma ndati ndiyambe ndamva kwa inu.

Mbewe anayankha:

Mayi Nachisale, mwachita bwino kufunsa musanatsegule botololo. Chonde musathire kopa m'thanki imeneyo. Kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu, ndipo amalowerera m'miyala ndi mumchenga n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, moti mukhoza kuwononga thanki yonse tsiku limodzi.

Za tang yanu, mmene mwalongosolera zikuloza ku kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans, kamene oweta nsomba amangokatcha ich. Chizindikiro chachikulu si kuyera kwa timadonthoto ayi, koma kuzimiririka ndi kubwereranso kwake. Kachilomboka kamaboola khungu n'kukhala mkati mwake kakudya kwa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. Kakakhuta kamachoka pa nsomba, n'kugwera pansi, n'kudzikuta ndi chikwa cholimba pamwala kapena pamchenga. Mkati mwa chikwacho kamagawikana kambirimbiri, kenako chikwa chimasweka n'kutulutsa tiana tambiri timene timasambira kufunafuna nsomba, ndipo tikapanda kuipeza m'tsiku limodzi kapena awiri timafa. Masiku amene tang yanu inkaoneka yosalala aja sinachire. Tizilomboto tinali pansi tikuswana.

Komabe ndisanatsimikize, ndikupempheni mudziwone nokha zinthu zingapo, chifukwa pali nthenda ina yofanana ndi imeneyi koma yoopsa kwambiri, yotchedwa velvet, imene imabwera ndi Amyloodinium ocellatum. Usiku, magetsi a thanki atazima, unikani nsombayo ndi tochi chakumbali. Timadontho ta ich timakhala tozungulira, totukuka ngati tinjere ta mchere, ndipo kalikonse kamaoneka pakokha. Velvet imaoneka ngati mwawaza fumbi losalala thupi lonse, lotuwa kapena lachikasu pang'ono, ndipo simungaloze kadontho kamodzi. Onaninso kapumidwe kake. Velvet imayambira m'ziwalo zopumira, choncho nsomba imapuma mwaŵefuŵefu, imathawa kuwala, imaleka kudya, ndipo kaŵirikaŵiri imakaima pomwe pampu ikukankha madzi mwamphamvu. Nthaŵi zina imafa khungu lisanaonetse kanthu.

Onetsetsaninso kuti kadontho kali pamalo amodzimodzi m'mawa ndi madzulo. Mchenga ndi tithovu ta mpweya timamatirira pakhungu, koma timachoka pakapita maola ochepa.

Nangozo anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Mbewe pa za tang, koma ndikufuna ndikhale kaye pa clownfish, chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amapatsa nsomba mankhwala pachabe.

Mayi Nachisale, kodi ma clownfish anu ali ndi anemone, chamoyo cha m'nyanja chonga duwa chimene clownfish imakonda kukhalamo? Ngati alibe, kodi amagona pati? Ndikufunsa chifukwa clownfish ikasowa anemone imasankha korali n'kumadzigudubuza mmenemo, makamaka makorali a nthambi zofeŵa zazitali monga hammer ndi frogspawn, ngakhalenso ma zoanthid. Makoraliwa amaluma, ndipo khungu likalumidwa mobwerezabwereza limada pamalopo. Mawanga ake amakhala afulati, osafanana kukula, ena ngati inki yodontha, ndipo amapezeka m'malo amene nsomba imakhudzitsa korali: pamimba, pachibwano ndi m'mbali. Mwanena kuti ili ndi mawanga pamalo omwewo, ikudya ndipo sikudzikhula. Yanga inakhala ndi mawanga otere miyezi ingapo; khungu litazoloŵera kulumidwako anachepa okha, popanda mankhwala alionse.

Pali nthenda yeniyeni ya madontho akuda, imene imabwera ndi tinyongolotsi taphanthi ta mtundu wa Paravortex, koma madontho ake ndi aang'onoang'ono, ofanana kukula onse, ndipo nsomba imene imagwidwa nayo kaŵirikaŵiri ndi yellow tang, pomwe amaoneka bwino pathupi lachikasulo. Ikanakhala imeneyo, ndikanayembekeza kuiona pa tang yanu poyamba.

Chimene muyenera kuchiopa pa clownfish si kuda koma kuyera. Mukaona khungu lake lachita mbuu, zoterera zapakhungu zikusupuka n'kumalendewera ngati mamina, imeneyo ndi nthenda ya kachilombo kotchedwa Brooklynella, ndipo imapha msanga. Kopa sathandiza kwenikweni pa nthenda imeneyi, imafuna mankhwala otchedwa formalin. Mukaona tizotupa toyera tonga njereŵere m'mphepete mwa zipsepse, tokula pang'onopang'ono ndi tosachoka pamalo pake kwa masabata, imeneyo nthaŵi zambiri ndi lymphocystis, ya vairasi, imene ilibe mankhwala ndipo imatha yokha madzi akakhala abwino ndi chakudya chokwanira.

Phiri anayankha:

Ine ndilankhula ngati munthu amene anataya nsomba zisanu ndi ziŵiri m'masiku anayi chifukwa chochedwa kuzindikira. Ndinaona timadontho, ndinati ndi ich, ndipo ndinayamba kutsitsa mchere wa m'madzi pang'onopang'ono kuti tizilomboto tife, poganiza kuti nthaŵi ilipo. Inali velvet, ndipo velvet siifa ndi kutsitsa mchere. Mpaka lero ndimakumbukira angelfish yanga itaima kutsogolo kwa pampu, kukamwa kuli yasa, zopumira zikuthamanga, khungu litataya kuŵala kwake konse. Choncho zimene a Mbewe anena za tochi ndi kapumidwe muzichite usiku uno, osati mawa.

Ndiwonjezepo njira imodzi imene inandithandiza pambuyo pake, ndiyo kuviika nsomba m'madzi opanda mchere kwa mphindi zitatu mpaka zisanu. Madziwo akhale opanda klorini, ofunda mofanana ndi a m'thanki, mlingo wa asidi (pH) wofanana, ndipo muziwapopera mpweya. Gwiritsani ntchito chidebe chakuda kuti muone zimene zikugwa. Pa nsomba ina imene inkadzikhula koma khungu lili losalala, maso okha atachita mtambo, patatha mphindi zitatu ndinaona tinthu taphanthi tozungulira tikuyera pathupi pake n'kumathothoka kugwera pansi pa chidebecho. Tinali tinyongolotsi ta Neobenedenia, timene m'madzi amchere sitioneka chifukwa ndi toonekera mkati ngati galasi. Mankhwala ake ndi praziquantel. Dziŵani kuti kuviika kotere sikuchotsa ich, popeza ich imakhala pansi pa khungu, koma kumakuuzani ngati pali chinanso chobisika, ndipo nsomba ya velvet kumaipepukitsa kupuma kwa kanthaŵi. Nsomba ikagona cham'mbali n'kuleka kugwedezeka mukaikhudza, itulutseni nthaŵi yomweyo.

Nachisale anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Usiku ndinaunika ndi tochi monga munandiuzira. Timadontho ta pa tang ndi totukuka, kalikonse pakokha, ndipo fumbi sindinalione. Kapumidwe ndinakayerekeza ndi vidiyo imene ndinajambula mwezi watha, ndipo sikanasinthe kwenikweni; m'mawa uno yadyanso ndere zake. Pa mchira wa royal gramma ndapezanso timadontho titatu timene ndinali ndisanatione. Mayi Nangozo, munalondola: anemone ndilibe, ndipo clownfish yaikaziyo imagona mkati mwa hammer usiku uliwonse, pomwe yaimuna, imene ilibe banga ngakhale limodzi, imagona pakona pafupi ndi galasi.

Tsopano funso langa ndi ili: ndichotse tang ndi gramma zokha, popeza ma clownfish alibe timadontho toyera?

Mbewe anayankha:

Ayi mayi, zichoke zonse zinayi. Clownfish ikhoza kusunga tizilombo tochepa m'ziwalo zopumira popanda kuonetsa kanthu pakhungu, ndipo nsomba imodzi yokha ikatsala m'thanki yaikulu, tizilomboto tidzapitiriza kupeza chakudya. Thankiyo ikhale yopanda nsomba masiku 76, chifukwa ngakhale zikwa zambiri zimasweka m'masabata ochepa, zina zinapezeka zikusweka patatha masiku 72. Makorali, nkhono ndi nkhanu zitsale mmenemo, ich siizigwira. Muzingozipatsa chakudya pang'ono kuti mabakiteriya osefa madzi asafe ndi njala.

Thanki ya mbindikiro, imene musamutsiremo nsombazo kuti muzipatse kopa, ikhale yopanda mchenga ndi miyala, muikemo zidutswa za mapaipi a pulasitiki zobisalamo, ndipo makala osefera madzi muchotse chifukwa amayamwa mankhwala. Ŵerengani bwino botolo la mnzanulo, popeza mankhwala a kopa sali amtundu umodzi: Cupramine amafuna 0.5 mg pa lita, pomwe ena monga Copper Power amafuna pakati pa 2.0 ndi 2.5. Kwezani mlingo pang'onopang'ono, muziyeza tsiku ndi tsiku, ndipo musunge mlingowo masiku 30. Kopa amapha tiana tosambira tokha, osati timene tili m'khungu kapena m'zikwa, choncho mlingo ukatsika ngakhale tsiku limodzi, kuŵerenga kumayambanso. Musasakanize Cupramine ndi mankhwala ochotsera klorini kapena amoniya, chifukwa pamodzi amasanduka poizoni; amoniya ikakwera, sinthani madzi ndi ena amene mwathiramo kale kopa wa mlingo womwewo.

Ena adzakuuzani za adyo, kukweza kutentha kwa madzi, kapena kugula nsomba yotchedwa cleaner wrasse kuti idye tizilomboto. Ine sindikhulupirira njira zimenezi. Kukweza kutentha ndi nzeru yochokera ku ich ya m'madzi opanda mchere, imene ndi kachilombo kena, ndipo pa nsomba yodwala kumangochepetsa mpweya m'madzi. Wrasse singafike pansi pa khungu, ndipo nayonso ikhoza kudwala.

Za mawanga akuda, musawapatse mankhwala ena alionse. Ijambuleni clownfish yaikaziyo mbali zonse ziŵiri tsiku loisamutsa, kenako sabata iliyonse pa kuwala komweko. Mu thanki ya mbindikiro mulibe hammer woiluma, choncho ngati a Nangozo alondola, zithunzizo zidzasonyeza mawanga akale akufifia ndipo atsopano sadzatuluka. Akawonjezeka, kapena akaonekera pa tang, tumizani zithunzizo tione za praziquantel.