Kodi kuthothola maluwa oyamba a therere kumachulukitsa zokolola?

Mayi wa ku Chimwala:
Ndili ndi dimba la therere lobala pafupi ndi nyanja ya Malombe, ndipo mbewu zayamba kuchita maluwa zisanafike n'komwe m'mawondo. Anzanga ena akuti ndithothole maluwa oyambawo kuti mbewu zikule kaye, pamene ena akuti kutero n'kutaya ndiwo. Odziwa, ndithandizeni.

Mlangizi wopuma:
Mayi, chakudya chimene masamba amapanga ndi kuwala kwa dzuwa chimagawidwa ku mizu, tsinde, masamba atsopano ndi zipatso, ndipo zipatso ndizo zimakoka gawo lalikulu, makamaka njere zikayamba kukhwima. Therere limatulutsa duwa limodzi pamene tsamba lakumana ndi tsinde, choncho tsinde likasiya kutalika, malo otulukira maluwa atsopano amasowanso. Mukathothola maluwa oyamba, chakudyacho chimapita ku tsinde, nthambi ndi mizu, mbewu n'kukhala yojintcha, koma mudzayamba kukolola mochedwa. Ine ndimalangiza zimenezi pa mbewu zofooka zokha. Zimene zikukula bwino zisiyeni zibereke.

Wogulitsa ndiwo pa boma:
Ndikugwirizana nanu, bambo, koma alimi ambiri amaluza pa kakololedwe osati pa maluwa. Duwa limamasula m'mawa n'kufota tsiku lomwelo, ndipo pakangopita masiku 4 mpaka 6 therere limakhala lafika pothyola, lili lanthete, lotalika masentimita 7 mpaka 10. Ndi kutentha kwa kuno, mukadumphitsa masiku angapo limalimba n'kuchita ulusi, ndipo ogula amene amayesa pothyola kansonga amangolisiya pa benchi. Choipa kwambiri n'chakuti therere lokhwimalo likatsala pamtengo limapitiriza kuyamwa chakudya, mbewuyo n'kuchepetsa maluwa. Muzithyola pakangopita masiku awiri, ndipo lokhwimitsa muzilichotsa ngakhale simuligulitsa.

Mlimi wa ku Namwera:
Mayi, munabzala mwezi uti? Therere limakonda kutentha, ndipo lobzalidwa m'nyengo yozizira ya June ndi July limapinimbira n'kuchita maluwa lili lalifupi. Kusowa madzi kapena manyowa kumachititsanso zomwezo. Zikatero kuthothola maluwa kokha sikungathandize. Za mbewu ya chaka chamawa, patulani mitengo yochepa kumapeto kwa mzere kuti therere lake liumire pomwepo, poti mitengo imeneyo simungayembekezenso kuti ikupatseni ndiwo zambiri.