Kodi sitalaka ya ogwira ntchito m'boma idakali ndi mphamvu?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Akuluakulu, chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anga amatha mwezi usanafike pakati, pamene mabungwe athu a CSTU (la ogwira ntchito m'boma) ndi TUM (la aphunzitsi) amakhalira kutiuza kuti zokambirana ndi boma zili m'kati. Kodi sitalaka ingatithandizebe monga kale?

Kalaliki Wopuma:
Aphunzitsi, ine ndinali nawo pa sitalaka ya mu Febuluwale 2013, mu ulamuliro wa mayi Joyce Banda. Tinkafuna 67 peresenti, ndipo patatha pafupifupi masabata awiri, mabwalo a ndege atatsekedwa komanso ana asukulu atayamba kuchita zionetsero m'misewu, boma linavomera kukweza ndi 61 peresenti malipiro a olandira zochepa kwambiri. Tinapambana chifukwa anamwino, aphunzitsi ndi makalaliki a ku Capital Hill tinanyanyala ntchito pamodzi.

Mayi wa ku Zomba:
Bambo, zimene mwanenazo ndi zoona, koma lamulo linasintha. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakonzanso lamulo la Labour Relations Act kuti wonyanyala ntchito azilipidwa masiku atatu okha pa chaka, ndipo otsalawo abwana akhoza kudula. Ndani amene ali ndi ngongole ya katapila angapirire masabata awiri osalandira?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Zikomo, mayi. Ndiye kuti mabungwe athu ayambe kusunga thumba lothandizira mamembala pa nthawi ya sitalaka, popeza ndalama za umembala amatidula mwezi uliwonse.