Ana anga 6 a ku risosi (kalasi ya ana osamva ndi osaona) akwana zaka koma zolembetsa mavoti zavuta, thandizani

Macheza a aphunzitsi chisankho cha 2025 chisanachitike.

Madamu a ku Mtakataka: Akuluakulu ndatopa. Ndili ndi ana 6 mu Sitandade 8, anayi osamva, awiri osaona, onse akwana 18 kapena akwanitsa pasanafike pa 16 Sepitembala 2025, tsiku la chisankho. MEC, bungwe loyendetsa zisankho, ikufuna chiphaso cha unzika cha NRB, ofesi yopereka ziphasozi. Atatu ziphaso zili ndi makolo kumudzi, akuti mwana ataya. Wina mu rejisita ya sukulu anabadwa 2005, pachiphaso 2008. Anzanga mukuchita bwanji?

Aphunzitsi a ku Lobi: Alembetse kwawo madamu. Munthu amavotera komwe analembetsera. Sepitembala ameneyo akhala atalemba kale mayeso, ali kumudzi.

Madamu a ku Mtakataka: Kwawo awamasulira ndani? Makolo ena chinenero chamanja amangodziwa cha "idya" ndi "bwera".

Madamu a ku Linthipe: Wa 2008 uja musakhudze, musafufute chilichonse mu rejisita. Apite kholo ku NRB paboma. Inu mungoperekeza.

Aphunzitsi a ku Mayani: Mu 2019 mtsikana wanga wosaona anandisankha yekha kuti ndimuthandize kuchonga. Potuluka mamonita a zipani akundiyang'ana ngati ndaba mbuzi. Sabata yomweyo a mfumu kuofesi kwa ahedi, ati aphunzitsi akuvotera ana. Sindidzayambiranso. Funsani a MUB, bungwe la anthu osaona, za kachikwama kamabowo kaja kolowetsamo pepala lovotera, mwana aphunzire kupapasa yekha.

Aphunzitsi a ku Lobi: Nchifukwa chake ndikuti kwawo. Akathandizidwa ndi m'bale wake, dzina lanu silimveka.

Madamu a ku Linthipe: Chenjeraninso pophunzitsa osamvawo. Chipani timachitchula ndi chizindikiro chake, tambala, chimanga. Mukakhalitsa pa chimodzi, mwana akachita sainiyo kunyumba, mawa mwasanduka wa ndale. Ine ndimaitana a NICE, bungwe lophunzitsa anthu za zisankho, alankhule okha, ine ndingomasulira.

Madamu a ku Mtakataka: Nanga thiransipoti yokatenga ziphaso?

Aphunzitsi a ku Mayani: Musatenge m'thumba mwanu, simubwezeredwa. Ine ya kabaza ya chaka chija mpaka lero.

Aphunzitsi a ku Lobi: Alembetse kwawo, thiransipoti ivute pati?