Nati ya Willys ija yamasuka, wolakwa ndinali ine

Zikomo nonse amene munandiyankha za nati zokanirira pa tayala lakumanzere la jipi ya Willys MB ya 1943 imene ndikuikonza. Paja imodzi ndinaipatsa dzina loti Nkhutukumve, inzake Apongozi, poti ukafika pafupi umachita kugwada.

Ambiri munati ndizithira mafuta omasula dzimbiri a WD-40 usiku uliwonse. Ndinathira masiku anayi, osatheka. Ena munati ndiwotche, koma ndinaopa kuwononga sitadi, bawuti imene nati imamangidwapo.

Amene munandipulumutsa ndi inu achimwene munati ndipale dzimbiri ndi bulashi ya waya ndione nsonga ya sitadi. Pamenepo panali chilembo L. Jipi zankhondo zimenezi, Willys MB ndi Ford GPW, mbali yakumanzere mazinga ake ndi otembenuza: nati imamasuka ukaipotokolera kumanja. Ndiye kuti sabata yonse ndinkangoimangitsa, paipi yaitali ili ku sipanala, thukuta kamukamu! Nditatembenuza dzanja, zinayi zinatuluka bwinobwino. Apongozi okha anathyoka, ndinali nditawafinya kale.

Musanaponde sipanala, yang'anani sitadi iliyonse payokha, chifukwa ena anasinthapo kale n'kuika za mazinga wamba. Dzina la Nkhutukumve anyamata a pagalaja alisamutsira kwa ine.